Kuyembekezera kwa Sharifa

Liwaladzi, Nkhotakota
14 Januwale 2024

Mwana wanga Sharifa,

Asalamu alaikum. Kuno tadzuka, kaya iwe ku Joniko? Mpunga tinawokera kale, koma nyanja chaka chino yakwera, ikudya munda wakumunsi pang'onopang'ono. Makutu anga ndi omwe aja, ukaimba foni ndimangomva ngati madzi akuwira. Usatope nane, tizilemberana basi. Kalatayi ndapatsira Dyton wa galimoto ya katundu, pamodzi ndi mpunga ndi utaka wouma. Utakawo uuyang'ane bwino, dzanja la Dyton timalidziwa.

Nkhani ndi iyi. A Bakari, malume a amuna ako, anabwera Lachisanu pochokera ku mzikiti. Anakhala pakhonde n'kukana tiyi. Munthu akakana tiyi wanga ndimadziwiratu kuti sanabwere ndi zabwino. Akuti zaka zisanu ndi chimodzi zatha chimangireni nikaa yako ndi a Rashid, m'nyumba muli zii, mkazi ali kunja kuwerenga nyenyezi. Akuti Idi ya Ramadani ikangodutsa akufuna a Rashid atenge mkazi wachiwiri, mwana wa a Alufandika a ku Ngala. A Rashid sanavomere, sanakanenso. Iwe ukuwadziwa amuna ako, mawu amachita kuwakumba ngati chinangwa cha m'chilimwe.

Ine mitala ndinaikhala, ndikuidziwa kuwawa kwake, sindikufuna iwe uilawe. Bwera kuno Ramadani isanathe, anthu akuone ukusesa pakhomo pako. Ngati sungabwere, undiuze bwinobwino chimene chili kumwambako choposa banja lako. Anthu akandifunsa kumene uli ndimangoloza m'mwamba, moti mayi wina wa ku Mwadzama anandipepesa, ankayesa unamwalira.

Mayi ako,
Abiti Sulemani

Johannesburg
3 Febuluwale 2024

Amayi,

Wa alaikum salamu. Mpunga wafika, utaka wafika theka. Kalata yanu yandiliza. Ndawaimbira a Rashid, angoti, “Zisakudetse nkhawa,” n'kuyamba kukamba za thirakitala yawo yokokera nzimbe. Ndili ndi mantha, amayi, sindikubisirani.

Mwafunsa chimene ndikufuna kumwamba. Ndiyesa kufotokoza, musagone.

Kutali kwambiri kuli nyenyezi ziwiri zimene zimazungulirana. Ina ndi yaikulu, yotentha kuposa dzuwa. Inayo ndi yaing'ono, kukula kwake ngati kuchoka pa Liwaladzi kukafika pa Dwangwa, koma ndi yolemera koopsa ndipo ili ndi mphamvu yaikulu ya maginito. Nthawi zambiri zimakhala motalikirana. Pakapita zaka zitatu ndi miyezi ingapo zimayandikirana, ndipo zikatero pamatuluka cheza champhamvu chimene maso sangachione, koma makina athu amachigwira. Chezacho pobwera kuno chimadutsa m'kuwala kwa nyenyezi yaikulu ija, ndipo china chimathera momwemo. Timatha kuwerengera kuti chofika kuno chiyenera kukhala chochuluka bwanji.

Tsono anthu ena ophunzira amaganiza kuti m'chilengedwe muli kanthu kakang'ono, kopepuka kwambiri, kamene anakapatsa dzina loti akisiyoni. Palibe anakaonapo, n'kutheka kuti kulibe. Koma ngati kalipo, cheza chikamadutsa pamene pali maginito amphamvu chingathe kusanduka kanthuko, n'kuyenda mosaoneka, osatsekerezedwa ndi chilichonse, kenako n'kusandukanso cheza kutsogolo. Zikakhala choncho, cheza chofika kuno sichingafanane ndi mawerengero athu: pena chiperewera, pena chichuluka. Ntchito yanga ndi kufunafuna kuperewerako ndi kuchulukako.

Ndiye ndikuyembekezera, amayi, ndipo nthawi yake ndi kumapeto kwa Juni. Kanthuko sikaoneka ndi maso, koma pa makina taonapo kachizindikiro kochepa, ndipo mtima wanga ukundiuza kuti kalipo. A Dokotala amene amandiyang'anira akuti ndisayende ulendo wautali mpaka nthawiyo itadutsa. Ndikaphonya pano, zaka zonse ndavutikazi zapita m'madzi. Chonde musauze anthu, mwina sizitheka, ndingadzachite manyazi.

A Bakari muwapemphe adikire mpaka Julayi. Mundipempherere.

Mwana wanu,
Sharifa

Liwaladzi
20 Febuluwale 2024

Sharifa mwana wanga, mayi wanga!

Alhamdulillah! Alhamdulillah! Kalata yako ndinayamba kuiwerenga ndikuwodzera, nyenyezi iyi, nyenyezi iyo, maginito. Nditafika kumunsi ndinadzuka n'kuvina ndekha m'nyumba mpaka nkhuku zinathawa. Kenako ndinabwerera pamwamba, ndipo zonse ndinazimva. Nyenyezi yaikulu ndi a Rashid, yaing'ono koma yolemera ndiwe, mumakumana patalipatali. Kanthu kakang'ono kosaoneka, koma pa makina a adokotala kaoneka. Ukuyesa ndine wogona ine? Ndinakulanga bwino, mwana wa mtundu satchula mimba yoyamba poyera, amazungulira. Koma iwe wazungulira mpaka kumwamba!

Unati ndisauze anthu. Sindinauze anthu, ndauza a Bakari okha. Ndinawaitanitsa, ndinawaphikira tiyi wa mkaka, ndinati, “Za ku Ngala zija muziiwale, mwana wanga ndi woyembekezera, achira mu Juni.” Ukanaona nkhope yawo. Tiyi anamwa, mpaka anapempha wina. Akuti akawauza okha a Rashid, monga mwa mwambo, popeza ndi iwo ankhoswe. Ndikudziwa kuti sunawauze amuna ako, wachita bwino, nkhani yotere mwamuna amaimva kwa akuluakulu.

Tsopano mvera. Mazira usadye. Usaime pakhomo, ukafuna kutuluka tuluka, ukafuna kulowa lowa. Mikanda ya m'chiuno uvule. Ramadani ikubwerayi usasale, Mulungu analoleza. Adokotalawo uwamvere, usakwere basi. Ndayamba kusunga zitenje, ndipo mbuzi yaikazi ija sindigulitsanso.

Zaka zonsezi ndimadutsa pachitsime mutu uli pansi. Dzulo ndadutsa ndikuyang'ana aliyense m'maso.

Mayi ako amene wakhala agogo,
Abiti Sulemani

Johannesburg
17 Malichi 2024

Amayi,

Ramadani yabwino. Muli moyo? Ndinaona zithunzi za madzi osefukira ku Dwangwa, nyumba zitamira mpaka m'mawindo. A Rashid anandiuza kuti inu muli bwino ndipo nyumba yathu inapulumuka, koma kuchokera kwa inu sindinalandire kalikonse chiyambire Januwale. Foni ya Dyton siikupezeka. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa pa boma amene akubwera pa basi.

A Rashid asintha. Ndikalemba uthenga wautali amayankha kuti “chabwino”. Ndikaimba nthawi ya futali, pamene timamasula kusala madzulo, sayankha. Sabata yatha anayankha, n'kungofunsa kuti, “Ukudya mokwanira?” Ndinati eya. Anati, “Uzipuma, usamanyamule zolemera,” n'kudula. Mawu ake ndi achifundo koma liwu lake ndi la mlendo.

Ndiuzeni zoona. Nikaa ya ku Ngala ija yakonzedwa kale? Ngati ndi choncho ndidziwe, kusiyana ndi kundisiya ndikuwerenga manambala tsiku lonse mtima uli kwina. Dzulo ndinalakwitsa mawerengero a mwezi wathunthu, a Dokotala anandifunsa ngati ndikudwala.

Sharifa

Liwaladzi
24 Malichi 2024

Sharifa,

Kalata yako yafika dzulo. Yanga ija ikadali m'galimoto ya Dyton, imene inakhala masabata kuno chifukwa cha msewu, kenako akuti inakafera ku Tete. Iyi ndapatsira mng'ono wake amene akumutengera chitsulo chokonzera galimotoyo.

Walira mvula walira matope, mwana wanga. Madzi achita katondo, ndipo wavundula ndine.

Mkazi wa a Bakari anakhala pansi n'kuwerenga zala. Iwe unachoka kuno kumapeto kwa Julayi chaka chatha. Mwana akubwera kumapeto kwa Juni. Ine sindinawerenge, chimwemwe chinandiphimba m'maso. Nkhani inayenda m'kamwam'kamwa kuyambira pa Dwangwa mpaka pachitsime chathu. Mawu amene akukutchula sindingawalembe m'mwezi uno.

Lamulungu lapitali anatiitana kwa a Bakari, tonse tili pa swaumu, kusala kwa Ramadani, milomo youma. Ine ndimangoyang'ana pakamwa pa anthu, mkazi wa a Bakari ndiye ankandikuwira m'khutu kuti ndisaphonye chipongwe ngakhale chimodzi. A Bakari anati a Rashid apereke talaka, banja lithe tsiku lomwelo. Ndinafuna nthaka itseguke.

Kenako amuna ako anaimirira. Munthu uja wosayankhula. Anati mu Seputembala, pamene kuntchito anawatumiza ku Blantyre kukaphunzira thirakitala zatsopano, anapitirira mwakachetechete mpaka ku Joni, anakhala nawe masiku angapo. A Bakari anati, “Ungalumbire?” Iwo anati, “Wallahi. Mwanayo ndi wanga. Amene akufuna kuwerenga miyezi akawerenge ya mkazi wake.” Za talaka zinathera pomwepo, za ku Ngala nazonso.

Ndinabwerera kunyumba ndikuthokoza Mulungu. Koma ndakhala ndikuganiza. Munthu amene akuyembekezera mwana wake woyamba sawonda chonchija. Maso alowa, malaya akungolendewera. Pondiperekeza pamsewu sanandiyang'ane kumaso ngakhale kamodzi.

Ndine mayi ako, ndinakubala ndekha, chilichonse ungandiuze ndidzafa nacho. Anabweradi ku Joni?

Abiti Sulemani

Johannesburg
13 Epulo 2024

Amayi,

Makalata anu awiri afika limodzi lero. Ndayamba ndi ya kuvina ija, ndinaseka mpaka misozi. Nditatsegula yachiwiri kuseka kunatha.

Ndilibe mimba. Ndilemba mwa zilembo zazikulu kuti musazungulirenso: NDILIBE MIMBA. Sindinakhalepo nayo. Nyenyezi zija ndi nyenyezi zenizeni, zili kumwamba, si ine ndi a Rashid. A Dokotala ndi aphunzitsi anga, mayi wa imvi amene sanagwirepo jakisoni. Makina ndi oonera nyenyezi, ali m'chipululu ku Namibia. Chimene ndikuyembekezera mu Juni ndi kuyandikirana kwa nyenyezizo. Munandifunsa za ntchito yanga, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, ndipo ndinasangalala kuti amayi anga akufuna kudziwa. Ndinalemba usana wonse. Inu munawerengamo mdzukulu.

A Rashid sanabwere ku Joni. Analumbira bodza ali pa swaumu.

Ndawaimbira pompano. Ndawauza zonse. Anangoti, “Eti?” Ndinafunsa kuti, “Ndiye inu munakhulupirira kuti ndagona ndi mwamuna wina?” Chete. Ndinafunsanso. Ndinamva akupuma basi. Ndadula foni ndipo sindikufuna kuyankhula nawo.

Chikundiwawa ndi ichi, amayi. Pafupifupi miyezi iwiri mwamuna wanga amandiona ngati wachigololo, uku akundiuza kuti ndizidya mokwanira. Funso limodzi lokha likanathetsa zonse, koma sanandifunse. Inunso kalata yanu mwaimaliza ndi funso lomwe likusonyeza kuti mumakayika. Mudzi wonse wandiweruza, wandikhululukira, wandiveka dzina, ine ndili pano ndi manambala anga osadziwa kanthu.

A Bakari ankafuna kundibweretsera mkazi mnzanga chifukwa ndilibe mwana. Tsopano ndilibe mwana, ndilibenso mbiri. Kaya banja ndikadali nalo, sindikudziwa.

Mbuzi ija gulitsani, mukonzere denga.

Sharifa

Dwangwa
12 Meyi 2024

Sharifa,

Asalamu alaikum. Foni sukuyankha, ndiye ndalemba. Ukudziwa kuti kulemba si ntchito yanga. Pepala ili ndi lachinayi, enawo ndang'amba.

Unafunsa ngati ndinakhulupirira. Inde, ndinakhulupirira. Amalume anabwera akumwetulira, akuti amayi ako anena okha, adokotala aona pa makina. Ndinawerenga miyezi iwo asanamalize kuyankhula. Ndikanakufunsa. Tsiku lililonse ndimatenga foni kuti ndikufunse, koma ndimaopa kuti uyankha kuti eya, ndipo ukayankha choncho ndiye kuti zatha. Ndinaona kuti bola kukhala chete ndikhale nawe. Kunali kupusa, ndipo ndinakulakwira kwambiri.

Sabata yoyamba mwanayo ndinadana naye. Ndimayendetsa thirakitala ndikutukwana ndekha. Kenako sindikudziwa chinachitika n'chiyani. Ndinayamba kuganiza kuti adzakhala ndi mphumi yako, adzakhala wamakani ngati iwe. Ndinati mwana salakwa, ndipo amene adzamulere ndine. Pa bwalo lija sindinalumbire chifukwa cha iwe wekha, ndinalumbiranso chifukwa cha iye. Tsiku lotsatira ndinapita pamsika ndinagula shawelo yoyera. Ndinaibisa m'bokosi la zipangizo m'thirakitala kuti amayi anga asaione.

Utandiuza kuti palibe, ndinalephera kuyankhula chifukwa zinthu ziwiri zinandigwira nthawi imodzi. Ndinasangalala kuti sunandilakwire. Ndipo ndinamva ngati ndaika maliro. Ndinalira m'munda wa nzimbe ngati mwana, anzanga ankayesa ndalumidwa ndi njoka.

Amayi ako anabwera kuno akulira. Anati tiwauze anthu kuti wapita padera, azimayi apepese, nkhani ithe mwaulemu. Ndinakana. Bodza limodzi landikwana, ndipo sindingalole kuti uzilandira mapepeso a mwana amene sanakhalepo. Ndinapita kwa amalume ndinawauza zonse: mimba palibe, ku Joni sindinapite, ndinalumbira bodza m'mwezi wa Ramadani. Kwa a shehe ndapitanso, andiuza zoyenera kuchita ndipo ndikuchita.

Amalume anati chabwino, popeza mimba palibe, nikaa ya ku Ngala ichitike Idi ya nsembe ikadutsa. Ndinati sindikwatira. Anati ndiye ubala liti? Ndinati sindikudziwa, mwina sindidzabala. Atula pansi unkhoswe. Amayi anga sakundiyankha moni. Kuntchito akunditcha “bambo a nyenyezi”, ndipo ndikalowa pa sitolo anthu amasiya kuyankhula.

Ndiye banja lathu lilibenso nkhoswe kumbali yanga, latsala m'manja mwa iwe ndi ine. Ukafuna talaka ndikupatsa, sindikukaniza, uli ndi chifukwa. Ine sindikufuna.

Kalata yako ya nyenyezi ija amayi ako andibwereka. Ndaiwerenga kangapo. Maginito ndimawadziwa, ali mu alitaneta ya thirakitala. Zinazo zandipita, koma ndamva kuti kanthuko ngati kalipo, cheza chimene chasowa sichinafe, chikhoza kudzaonekanso kutsogolo. Ndikukufunira mwayi mu Juni, Inshallah.

Mayi wa pamsika uja akuti shawelo ndikhoza kubweza bola isade. Ndiuze chochita.

Rashid

Ku chipululu, Namibia
14 Julayi 2024

A Rashid,

Wa alaikum salamu. Kalata yanu ndinabwera nayo kuno, yakhala m'thumba la jekete miyezi iwiri. Ndaiyankha kambirimbiri m'mutu, mayankho ena anali achipongwe.

Nyenyezi zija zinayandikirana pa nthawi yake. Cheza chinabwera, makina anachigwira, ndipo masabata awiri tsopano takhala tikuwerengera. Pamalo pamene ndimayembekezera pali kuperewera pang'ono. Koma n'kochepa kwambiri, kukhoza kukhala kanthu kaja, kukhozanso kukhala mphepo ya nyenyezi yaikuluyo kapena kulakwitsa kwa makina. Sindinganene kuti kalipo, sindinganene kuti kulibe. A Dokotala akuti zimenezi n'zokwanira kumalizira maphunziro anga, koma yankho lenileni lidikira mpaka nyenyezizo zidzakumanenso, zaka zitatu ndi miyezi kutsogoloku. Ndinakhala pamchenga ndikulira. Ndinatsala pang'ono kutaya banja chifukwa cha “kaya”.

Pa ntchito yathu munthu akaona chizindikiro salumbira, amayamba wafunsa, amayezanso. Inu simunafunse. Zimenezo zikundiwawabe, ndipo musayembekezere kuti ndikatsika basi ndidzakhala nditaiwala. Koma ndakhala ndikuganizanso za munthu amene anaimirira pakati pa abale ake, mtima utasweka, n'kunena kuti mwanayo ndi wanga. Ndayesa kumukwiyira munthu ameneyo, zikukanika. Vuto ndi loti iye ndi amene sanandifunse uja ndi munthu mmodzi.

Talaka sindikufuna. Ndidzera ku Joni, ndipo ndinyamuka kumeneko Lachiwiri la sabata yamawa. Mukandichingamire pa Liwaladzi, tiyambire kwa amayi, chifukwa ndinawalembera mawu olimba ndipo chiyambire sanandiyankhe. Muwauze mokuwa, pafupi ndi khutu lakumanja, kuti ndikubwera ndekha, asavinenso. Kwa a Bakari tidzapita limodzi, ndikufuna mkazi wawo awerenge zala ndili pomwepo.

Zikatha zimenezo tipite kuchipatala, kwa dokotala weniweni wa jakisoni. Tonse awiri, osati ine ndekha monga zinkakhalira kale. Chimene akatiuze tikachimve limodzi, ngakhale chitakhala “kaya”.

Shaweloyo musabweze. Koma muichotse m'bokosi la zipangizo, idzanunkha dizilo.

Mkazi wanu,
Sharifa